Zilankhulo ziwiri, inde, koma ziwiri zake ziti?

Anthu akamayamikira matabuleti amene afika m'sukulu za pulayimale, mfundo imene siichoka pakamwa pawo ndi yakuti mapulogalamu ake ndi a zilankhulo ziwiri. Amati mwana ayambe kuwerenga m'chilankhulo chimene amachimva, Chingerezi chidzamupeze ali kale panjira. Mfundoyi ndi yoona ndipo sindikutsutsana nayo. Koma oinenawo amakhala atagamula kale mumtima kuti chilankhulo chimene mwana wa ku Malawi amachimva ndi Chichewa. Ku Dowa kapena ku Ntchisi zimenezo zilibe mlandu. Kuno ku Mangochi zili ndi mlandu, chifukwa ana ambirimbiri a ku Namwera, ku Katuli, ku Makanjira ndi m'midzi ya kwa Jalasi amafika mu Sitandade 1 atakulira m'Chiyao. Kwa ana amenewa zilankhulo zonse ziwiri za pa tabuleti ndi zachilendo. Kusiyana kwake n'kwakuti china amachimvako apa ndi apo, china sachimva n'komwe.

Ine ndine Mchewa, ana anga anayamwira Chichewa, ndiye nkhaniyi siyopweteka pakhomo panga. Ndikuinena chifukwa ndimakhala pakati pa anthu amene imawakhudza, komanso chifukwa ndikuona kuti pa zinthu zonse zimene zinalowapo m'kalasi chiyambire, tabuleti ndiyo ingathe kunyamula Chiyao popanda kuboola thumba la boma. Mwayi woterewu sitinaupezepo ndi choko kapena ndi buku.

Tiyambe ndi kumene matabuletiwa achokera, poti ena amaganiza kuti angogwa dzana. Bungwe la ku Britain lotchedwa onebillion linayamba kuyesa pulogalamu yake ya masamu m'Chichewa m'chaka cha 2013, pa sukulu ya Biwi ku Lilongwe, mogwirizana ndi bungwe la anthu ogwira ntchito mongodzipereka la VSO ndi Unduna wa Zamaphunziro. Akatswiri a ku University of Nottingham anatsatira anawo kwa masabata 8 ndipo anapeza kuti amene anagwiritsa ntchito pulogalamuyo anapita patsogolo pa masamu kuposa anzawo. Kuchokera apo ntchito inakula pansi pa dzina lakuti Unlocking Talent, kuwerenga kunawonjezedwa pa masamu paja, ndipo mu 2019 a onebillion anali m'gulu la awiri amene anapambana mpikisano wa mapulogalamu ophunzitsa ana wotchedwa Global Learning XPRIZE, umene unayesedwa m'midzi ya ku Tanzania m'Chiswahili. Kuyambira 2023 boma linaitenga ntchitoyi kukhala yake kudzera mu ndondomeko ya BEFIT, likugwira ndi a Imagine Worldwide, a onebillion ndi a VSO, ndipo cholinga n'chakuti matabuleti otchajidwa ndi sola afike kwa ana a Sitandade 1 mpaka 4 m'sukulu zonse za pulayimale za boma, zimene zili pafupifupi 6,000.

Onani bwino mbiri imeneyi. Ku Biwi ana amalankhula Chichewa kunyumba, kumsika ndi kubwalo la masewera. Umboni woyamba uja unali umboni wakuti mwana amaphunzira msanga makina akamamulankhula m'chilankhulo chake. Sunali umboni wakuti Chichewa chili ndi mankhwala ena ake ophunzitsira mwana aliyense.

Kuti matabuleti akufunika, zimenezo sindikukayika. Kafukufuku wa m'dziko lonse woona za moyo wa ana ndi amayi, wotchedwa MICS, wa 2019 mpaka 2020 anaonetsa kuti mwa ana a zaka 7 mpaka 14 m'dziko muno, pafupifupi mmodzi yekha mwa asanu alionse ndiye amatha kuwerenga kankhani kosavuta n'kukamvetsa, ndipo pa masamu zinali zotsikirapo. Chiyambire 1994, pamene pulayimale inakhala yaulere n'kuchuluka ana kuchoka pa pafupifupi 2 miliyoni kufika pa 3 miliyoni m'chaka chimodzi, mphunzitsi wa makalasi apansi sanapumepo. Boma limafuna ana 60 pa mphunzitsi mmodzi, koma aliyense amene anasuzumirapo mu Sitandade 1 kuno akudziwa kuti ana opitirira 100 m'chipinda chimodzi si nkhani yodabwitsa. Mphunzitsi wotereyu sangamve mwana aliyense akutchula lembo. Tabuleti imatha kudikira mwana mmodzi mpaka atakhoza, imabwereza osatopa, ndipo sikalipa. Ana amene thupi lawo limanjenjemera akaona ndodo amaikonda pa chifukwa chimenechi.

Ndinakhalapo kumbuyo kwa kalasi ina ya Sitandade 1 kutsidya kwa Shire, nthawi ya matabuleti itakwana. Ana anakhala pansi mizeremizere, miyendo atatambasula, mahedifoni akuwaphimba mpaka m'masaya. Munali bata limene simungalipeze m'kalasi ya ana aang'ono nthawi ina iliyonse. Pafupi nane panali kamtsikana kovala mpango kumutu, kakuchita masamu oyerekeza magulu a zinthu. Mawu a m'makutu ankakauza chochita m'Chichewa. Iko kankakhudza chithunzi choyamba, kakalephera n'kukhudza chachiwiri, kakalepheranso n'kukhudza chachitatu, mpaka makina avomere. Funso lotsatira, chimodzimodzi. Sikanali kuganiza za kuchuluka kapena kuchepa kwa zinthuzo, kanali katangotulukira kuti ukabaya paliponse, pamapeto pake umapeza polowera. Kenako mnzake wa pambali, wamkulupo pang'ono, anatukula hedifoni ya kamtsikanako mbali imodzi n'kukanong'oneza mawu awiri atatu m'Chiyao. Mafunso otsatirawo kanakhoza onse ulendo woyamba.

Aphunzitsi ake, mayi wochokera m'chigawo chapakati, anaona ndithu koma sanaletse. Titatuluka anandiuza kuti, "Bambo, ana awa si mbuli ayi. Kungoti sitimvana. Ine Chiyao changa ndi cha kumsika, chogulira usipa. Kuti ndifotokoze masamu sindingathe."

Chimene chinandikhalira mumtima si kamtsikanako, poti iko kanali ndi mnzake. Ndi zimene makina analemba. Mapulogalamuwa amasunga mbiri ya mmene mwana akuchitira: wakhoza zingati, walephera kangati, watenga nthawi yotani. Makina sadziwa kusiyanitsa mwana amene sadziwa kuti zinthu zisanu ndi zambiri kuposa zitatu, ndi mwana amene akudziwa bwinobwino koma sanamve funso. Onsewo amawalemba kuti akutsalira pa masamu. Ziwerengerozo zikasonkhanitsidwa n'kufika kulikulu, zidzaoneka ngati zikutsimikiza kanthu kena kamene timakamva kawirikawiri m'maminibasi ndi m'maofesi, kakuti anthu a ku Mangochi sukulu siyawo.

Mawu amenewo ali ndi mbiri yake, ndipo mbiriyo siyonena za ulesi. Sukulu zoyamba m'dziko muno zinali za amishoni, ndipo makolo achisilamu ankaopa, pa zifukwa zomveka, kuti mwana akapita kumeneko akabwerako atabatizidwa n'kusintha dzina. Mibadwo ingapo inakhala kunja kwa sukulu chifukwa cha zimenezo. Mantha amenewo anatha, Asilamu ali ndi sukulu zawo ndi makoleji awo, ndipo makolo akulembetsa ana mwaunyinji. Koma mwana akalowa m'kalasi n'kukhala teremu yathunthu osamva zimene zikunenedwa, amatopa. Akabwereza Sitandade 1 kawiri amakhala wamtali pakati pa tiana, anzake amamuseka, ndipo kunyanja kuli ntchito yokoka nawo makoka imene malipiro ake ndi a tsiku lomwelo. Akasiya timati Ayao sakonda sukulu. Sitifunsa ngati sukuluyo inamulankhulapo.

Komanso ambiri mwa ana omwewa masana amapita ku madrasa, kumene amaphunzira malembo a Chiarabu, olembedwa kuchokera kumanja kupita kumanzere, okhala ndi maonekedwe osinthasintha malinga ndi pamene lembo laima m'mawu. Mwana amene mutu wake ukunyamula zimenezo sangagonje ndi a, e, i, o, u. Mwana wa zaka 6 wa ku Makanjira akulimbana ndi Chiyao, Chichewa, Chingerezi ndi Chiarabu nthawi imodzi, pamene mnzake wa ku Mponela akulimbana ndi ziwiri. Amene akusenza katundu wolemera ndi amene tikumutcha wofooka.

Pa kuwerenga vutoli limazama kuposa pa masamu. Kaphunzitsidwe ka masiku ano, kamene kanakhazikika ndi National Reading Programme kuyambira 2016, kamayamba ndi maliwu: mwana amve liwu, alizindikire, alilumikize ndi lembo, kenako apange maphatikizo. Njirayi ndi yabwino, koma imadalira kuti khutu la mwana likusiyanitsa kale maliwu a chilankhulocho. Chiyao chilibe liwu la z, n'chifukwa chake anzathu amati mbusi pamene ife timati mbuzi. Chilibenso kusiyana kwa p ndi ph, t ndi th, k ndi kh, kumene kwa ife kumasiyanitsa kuponya ndi kuphonya. Nanga dz, bz, ts ndi ps? Mwana wa Chichewa akauzidwa kuti asankhe chithunzi cha chinthu choyamba ndi liwu lakutilakuti, amangofunika kumvetsera. Mwana wa Chiyao ayenera choyamba kudziwa dzina la chinthucho m'Chichewa, pakuti akaona madzi mutu wake umati mesi, kenako amve liwu limene khutu lake silinazolowere. Ntchito imene inakonzedwa kuti ikhale sitepe imodzi yasanduka masitepe atatu, ndipo palibe amene wamuuza.

Chosangalatsa n'chakuti mtunda wa pakati pa zilankhulo ziwirizi ndi waufupi. Zonse zimalembedwa ndi malembo omwewa, malembo a liwu ndi asanu omwewo, maphatikizo amapangidwa mofanana, ndipo mawu ambiri ndi apachibale: somba ndi nsomba, nguku ndi nkhuku, mwesi ndi mwezi, nyumba ndi nyumba basi. Mwana amene wagwira chinsinsi cha ma, me, mi, mo, mu pogwiritsa ntchito mawu a kwawo safunika kuchiphunziranso akafika pa Chichewa. Amangowonjezera maliwu ochepa aja, ndipo pulogalamu yokonzedwa ndi anthu odziwa ingathe kuima pa maliwu amenewo nthawi yotalikirapo m'malo mowadutsa ngati kuti aliyense anabadwa nawo.

Wina anena kuti zimenezi tinayesapo kale, zinakanika. N'zoona kuti tinalengezapo. Kuyesa kwenikweni ndiye kunalibe. Mu 1968 msonkhano waukulu wa Malawi Congress Party unagamula kuti Chichewa ndiye chilankhulo cha fuko, ndipo zilankhulo zina zinachotsedwa m'sukulu ndi pa wailesi. Mu 1996 Unduna wa Zamaphunziro unalamula kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzitsidwa m'chilankhulo cha m'dera lawo. Lamulolo linathera papepala, chifukwa mabuku anakhalabe a Chichewa, makoleji sanakonzekeretse aphunzitsi, ndipo aphunzitsi ankatumizidwa kulikonse mosayang'ana chilankhulo chimene amadziwa. Kenako lamulo la maphunziro la 2013 linanena kuti chilankhulo chophunzitsira ndi Chingerezi, ndipo mu 2014 kunalengezedwa kuti zimenezi ziyambire mu Sitandade 1. Nalonso m'kalasi silinagwire, poti mphunzitsi amene akufuna kuti ana amve amabwerera ku Chichewa belu lisanalire. Pa zaka zonsezi mwana wa ku Katuli wakhala akumva malamulo akusinthana pamwamba pa mutu wake, iye ali chikhalire pansi osamva kanthu.

Zimene zinapha lamulo la 1996 zinali ziwiri, mabuku ndi aphunzitsi. Kusindikiza mabuku a phunziro lililonse m'zilankhulo zingapo, kuwanyamula pa malole, kuonetsetsa kuti a Chiyao sanapite ku Rumphi, kenako kuwasindikizanso akang'ambika kapena chiswe chikawadya, ndi ndalama zambiri zedi. Kusamutsa aphunzitsi kuti aliyense akaphunzitse kwawo nakonso kunali ndi fungo la tsankho limene anthu ankakumbukira kuyambira 1989, pamene aphunzitsi a kumpoto anabwezedwa kuchigawo chawo. Tabuleti ilibe mavuto awiri onsewa. Mawu amajambulidwa kamodzi n'kuikidwa m'makina onse, ndipo sapita kutchuthi kapena kupempha transifa. Pulogalamu yomweyi yalankhulapo kale Chichewa, Chiswahili ndi Chingerezi, kusonyeza kuti inamangidwa moti chilankhulo chingathe kusinthidwa.

Ndiye ndikupempha chiyani kwenikweni? Sindikunena kuti Chichewa chichoke. Choyamba, chimene chingachitike popanda kusintha silabasi, n'chakuti mawu olangiza mwana akhaleponso m'Chiyao. Ndikutanthauza mawu aja omuuza kuti khudza apa, kokera uku, werenga zinthu izi, sankha chachikulu, yesanso. Pa masamu zimenezi zikwanira ndithu, poti manambala enieniwo tonse timawatchula m'Chingerezi kale, kaya ndi Mchewa kaya ndi Myao, pamsika timati faifi handiredi. Chimene mwana amasowa si dzina la nambala, koma kumva chimene akufunsidwa. Teremu yoyamba amve Chiyao. Kenako amve Chiyao chotsatana ndi Chichewa, kuti khutu lizilumikiza. Pofika Sitandade 2 kapena 3 Chichewa chitsogole, koma pakona pakhale kabatani koti akasokonezeka akhudze amve m'chilankhulo cha kwawo. Mwana amene wakhudza kabatani kameneka kambirimbiri, mphunzitsi adziwa kuti vuto lake ndi Chichewa osati masamu, n'kumuthandiza pamene pakupwetekadi.

Chachiwiri n'chovutirapo ndipo sindichipeputsa. Kuphunzitsa kuwerenga m'Chiyao sikungomasulira maphunziro a Chichewa. Malembo amayenera kusanjidwa mwatsopano malinga ndi amene amapezeka kwambiri m'chilankhulocho, pafunika nthano, nyimbo ndi zithunzi zake, ndiponso pafunika kugwirizana kalembedwe kuti zisasiyane ndi zimene zili m'mabuku ena. Imeneyo ndi ntchito ya akatswiri ndipo ingatenge nthawi. Koma akatswiriwo alipo. Centre for Language Studies ku Zomba, imene inalowa m'malo mwa Chichewa Board mu 1996, yagwirapo ntchito pa kalembedwe ka Chiyao. Malawi Institute of Education ili ku Domasi, pakati penipeni pa anthu olankhula Chiyao. MBC imaulutsa nkhani m'Chiyao, kutanthauza kuti anthu a mawu omveka bwino pa maikolofoni sitichita kukawafuna kunja. Nthano ndiye musanene, agogo ali nazo zosatha. Ndipo Ayao sali m'Malawi mokha, aliponso ku Niassa m'dziko la Mozambique ndi kumwera kwa Tanzania, moti ntchitoyi ikagwiridwa bwino kamodzi ingatumikire ana a mayiko atatu.

Otsutsa amphamvu kwambiri pa nkhaniyi sali ku Lilongwe. Ali konkuno, ndipo ndi makolo a ana omwewo. Pa msonkhano wina wa makolo ndi aphunzitsi, bambo wachikulire anaimirira n'kunena mwaulemu koma mosapsatira kuti, "Ahedi, Chiyao mwanayu ndamuphunzitsa kale ine kunyumba, kwaulere. Kuno ndamutumiza kuti adzatenge Chizungu." Anthu anaomba m'manja, ndipo ine sindinawaone ngati osazindikira. Bamboyo akudziwa dziko limene akukhalamo. Mayeso a Sitandade 8 amalembedwa m'Chingerezi kupatula phunziro la Chichewa. Satifiketi ya MSCE siituluka ngati walephera Chingerezi. Malamulo a dziko amafuna kuti phungu wa Nyumba ya Malamulo azitha kulankhula ndi kuwerenga Chingerezi. Ndipo m'boma lino, limene nyumba zambiri za malata zinamangidwa ndi ndalama za ku Joni, aliyense ali ndi m'bale amene anafika ku Johannesburg kapena ku Durban n'kuona kuti wodziwa Chingerezi amapeza ntchito ya m'shopu pamene mnzake akukumba m'munda wa maluwa. Kholo likamva kuti sukulu ikufuna kuphunzitsa m'Chiyao, limaganiza kuti ana a mabwana apatsidwa Chingerezi, ake apatsidwa zotsala.

Yankho langa kwa bamboyo n'lakuti tikufuna chinthu chimodzi, tikusiyana njira. Chingerezi chochokera mu Sitandade 1 takhala nacho m'malamulo zaka zoposa khumi, nanga ana athu akuchilankhula? Amaloweza. Amayankha moni wa m'mawa onse pamodzi mokweza, amaimba masiku a sabata, koma muwapatse chiganizo chimene sanachimvepo, angokuyang'anani. Kuwerenga munthu amaphunzira kamodzi kokha pa moyo wake, ndipo amaphunzira msanga ngati mawu amene akutuluka m'malembowo ndi mawu amene akuwadziwa. Akagwira luso limenelo amalinyamula kupita nalo ku chilankhulo chilichonse. Mwana amene pofika Sitandade 3 akuwerenga mosadodoma ali pafupi ndi Chingerezi kuposa amene wakhala zaka zitatu akubwereza mawu achizungu osadziwa kuti lembo limagwira ntchito bwanji. Ndipo pa Chingerezi cholankhula, tabuleti yomweyo ndi mphunzitsi wabwino, poti mwana amamva katchulidwe komveka tsiku ndi tsiku, limodzi ndi chithunzi. Chiyambe ndithu mu Sitandade 1, m'nyimbo ndi m'mawu a tsiku ndi tsiku. Koma pomufotokozera mwana tanthauzo lake, afotokozeredwe m'chilankhulo chimene akumva, osati kumasulira chachilendo ndi chachilendo chinzake.

Ena amada nkhawa ndi umodzi wa dziko. Amati mukapatsa Ayao, mawa Atumbuka a ku Rumphi afuna, Asena a ku Nsanje afuna, Atonga a ku Nkhata Bay ndi Angonde a ku Karonga nawonso afuna. Afune kumene, ndipo apatsidwe. Gawo 26 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wogwiritsa ntchito chilankhulo chimene wasankha. Chichewa sichili pangozi iliyonse, chili pa wailesi, mu nyimbo, m'misika, m'maminibasi ndi pa WhatsApp, ndipo mwana wa ku Namwera adzachidziwa ndithu, afune asafune. Funso ndi lakuti achidziwe ali m'kalasi akukhoza, kapena achidziwire kudoko atasiya sukulu.

Pali mfundo ina yotsutsa imene ndimaiona kuti ndi yanzeru kuposa zonsezi, yakuti Mangochi si wa Ayao okha. Boma lino lili ndi anthu opitirira 1.1 miliyoni malinga ndi kalembera wa 2018, ndipo ndi osakanikirana. Kwa Nankumba, ku Monkey Bay ndi ku Chembe ana ambiri amakulira m'Chichewa kapena Chinyanja cha m'mbali mwa nyanja, ndipo m'madoko muli asodzi ochokera kumpoto ndi mabanja awo. Pa Boma penipeni muli ana a Ayao amene Chichewa ndiye chilankhulo chawo choyamba, Chiyao amangochimvera kwa agogo. Kulamula kuti sukulu zonse za m'Mangochi ziphunzitse m'Chiyao kungakhale kubwereza cholakwa chomwecho mbali inayo. Lamulo la 1996 likanagwira ntchito likanapunthwa pamenepa, chifukwa mphunzitsi mmodzi sangalankhule zilankhulo ziwiri nthawi imodzi, ndipo akasankha chimodzi ena atsala.

Apa ndi pamene tabuleti imaposa njira zonse zakale. Mwana aliyense ali ndi mahedifoni akeake. M'chipinda chimodzi, pa phunziro limodzi, uyu angamve Chiyao, uyo Chichewa, wina Chitonga, popanda kusokonezana ndiponso popanda wina kuloza mnzake chala. Chilankhulo sichifunika kusankhidwa ndi boma, ndi zoni, kapena ndi sukulu. Chingasankhidwe pa mwana mmodzimmodzi, mphunzitsi atacheza ndi kholo, ndipo chingasinthidwe pakati pa teremu ngati zaoneka kuti mwanayo wachigwira Chichewa. Kukhala ndi chipangizo chotha kuchita zimenezi, n'kumachigwiritsa ntchito ngati wailesi imodzi yolankhulira khamu lonse, n'chimodzimodzi kugula injini ya boti n'kumapalasabe ndi nkhafi injiniyo ili m'botimo.

Mavuto ena a matabuleti ndi odziwika ndipo sindikhalitsapo. Mahedifoni amaduka zingwe, mabatire a sola amafooka, fumbi la mwezi wa Okutobala silisiya kanthu, ndipo sukulu imafunika chipinda cholimba ndi mlonda. Mwana amene sanabwere chifukwa cha njala kapena malungo, tabuleti singamutsatire kunyumba. Ndalama zambiri zikuchokerabe kwa abwenzi akunja, ndipo kutsekedwa kwa USAID mu 2025 kunationetsa mmene thandizo lotere limathera mwadzidzidzi. Koma zimenezi zikungolimbikitsa mfundo yanga. Ngati mawu a Chiyao ajambulidwe, ajambulidwe tsopano pamene ntchito ikadali yotentha ndipo akatswiri a mapulogalamu akadali pafupi. Chinthu chikalowa m'makina chimakhala chathu ngakhale opereka thandizo atapita.

Aphunzitsi nawo asamve ngati akulandidwa ntchito. Tabuleti imakhala m'manja mwa mwana kanthawi kochepa, tsiku lonse lotsalalo ndi la mphunzitsi. Mayi uja wa m'chigawo chapakati akanakhala ndi pulogalamu yolankhula zilankhulo zonse ziwiri, naye akanamatolako mawu a Chiyao a m'kalasi, oposa ogulira usipa aja. Makoleji a aphunzitsi a m'chigawo chino angachite bwino kupatsa ophunzira awo Chiyao chochepa cha ntchito asanawatumize kuno, monga mmene anamwino ndi madokotala amatolera mawu ofunsira wodwala pamene pakupweteka. Ndipo chizolowezi choletsa ana kulankhula chilankhulo cha kwawo pasukulu, chimene ena a ife tinachiona mpaka povala chikwangwani m'khosi, chisalowe m'nthawi ya matabuleti. Mwana wonong'oneza mnzake uja akugwira ntchito imene pulogalamu ikanayenera kugwira.

Sindikupempha kuti anthu angondikhulupirira. Ndondomeko ya matabuletiyi inakula chifukwa inkayesedwa ndi kuyezedwa pa sitepe iliyonse, ndiye iyesedwenso apa. Asankhe sukulu zingapo za ku Namwera ndi ku Makanjira, zina zilandire mawu olangiza a Chiyao, zina zipitirize ndi Chichewa chokha, pakutha pa chaka ayeze ana onse pa masamu, pa kuwerenga Chichewa ndi pa Chingerezi, aonenso kuti amene asiya sukulu ndi angati mbali iliyonse. Zotsatira zake zikawerengedwe pamaso pa makolo, mafumu ndi mashehe, m'Chiyao, kuti bambo wofuna Chizungu uja adzaweruze yekha.

Kuti zimenezo zitheke pafunika chinthu chimodzi chimene sichidikira ndalama za aliyense. Sukulu zikamalemba ana atsopano mu Seputembala zimafunsa dzina, zaka, mudzi, mfumu ndi dzina la kholo. Ahedi awonjezere mzere umodzi m'kaundula, wofunsa chilankhulo chimene mwanayo amalankhula ndi amayi ake kunyumba, ndipo a PEA, alangizi a sukulu za pulayimale, asonkhanitse mayankhowo zoni ndi zoni n'kuwaika pambali pa zimene matabuleti akulemba za ana omwewo.